Mapasa Osiyana Zaka Zisanu ndi Chimodzi

Mayi Mabatani anali atakhala pa kampando kakafupi, mapini atatu ali kukamwa, akupinda mpendero wa thalauza la bambo wogulitsa mabuku kuseri kwa shopu yawo, pamene bamboyo anayamba kupisa m'thumba kufuna foni. Anamumenya pabondo ndi tepi kuti aime bwino. Makasitomala aamuna ndi choncho: ukamawayeza m'pamene amakumbukira foni, kenako mawa abwere akudandaula kuti mwendo wina watalika.

"Ayi mayi, ichi chokha muone," anatero wamabukuyo. "Si mlongo wanu uyu, a Kapitawo? Koma ndiye munthu amayankhula uyu."

Anawaikira foni pafupi ndi nkhope. Inali vidiyo ya msonkhano umene unachitika m'holo ya chipatala miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo wina anali atangoiponya pa gulu la amalonda a mumsewumo.

Mayi Mabatani ankaudziwa bwino msonkhanowo ngakhale sanapiteko. Iwo ndi mlongo wawoyo onse ankadwala impso, matenda omwenso anapita ndi mayi awo. Chipatala chinali chitapeza ndalama zokwanira anthu khumi ndi awiri okha pa makina otsuka magazi, pomwe odikira anali oposa makumi anayi. Akuluakulu a chipatala, posafuna kusenza okha mlanduwo, anaitana anthu kuti anene maganizo awo: kodi atsate mndandanda wa amene anayamba kulembetsa, kapena ayambe ndi ocheperapo zaka, opitirira 65 aime pambali? Pa mndandanda wakalewo Mayi Mabatani anali achinayi. Sabata ya msonkhanoyo miyendo inawatupa moti nsapato sizinkalowa, ndiye a Kapitawo anati asavutike, iwo akayankhulira onse awiri.

Anabwerako mawu atasasa. Anati anamenya nkhondo mpaka thukuta, koma achinyamata anachuluka, ndipo pokweza manja okalamba anagonja. Patatha masabata atatu kunabwera kalata yoti dzina la Mayi Mabatani lachotsedwa chifukwa ali ndi zaka 68. A Kapitawo ndi amene anawawerengera kalatayo, ndipo pofika pakati analira, misozi yeniyeni yotsikira mpaka pakolala. Anachita kutonthozedwa ndi wochotsedwayo.

Tsopano pa foni paja a Kapitawo anali ataima kutsogolo kwa anthu, atavala jekete la bulauni limene Mayi Mabatani anasoka ndi manja awo, maikolofoni ali pakamwa, mawu akumveka bwinobwino.

"Abale, tisanamizane. Ndalamazi n'zochepa. Munthu wa zaka 68 wadya kale zake, waona ana, waona zidzukulu. Kumuika pa makina n'kuthira madzi m'chidebe chobooka. Ine ndili ndi zaka 62, ndipo ndikadzafika 65 ndidzatsika ndekha, osachita kundiuza."

Holo yonse inaomba m'manja, wina mpaka kuimba likhweru.

Wamabuku anati iye akugwirizana nazo kwathunthu, ngakhale mkazi wake watha masiku awiri osamuyankhula chifukwa cha nkhani yomweyi. Mkaziyo akuti bambo ake anadula msonkho zaka makumi anayi, ndiye lero awauze kuti akafere kunyumba? Mayi wa saluni ya pafupi nayenso akuti kukalamba si mlandu. Koma iye wamabuku akuti ndalama zikachepa umayamba ndi amene ali ndi ana a sukulu, ndipo pakufunika amuna olimba mtima ngati a Kapitawo kuti anene zimene ena akuopa. Munthuyo sankadziwa kuti akuyankhula ndi chidebe chobookacho. Mayi Mabatani matenda awo sankalengeza, ndipo miyendo yotupayo ankaibisa mu diresi lalitali.

Analavulira mapini aja m'dzanja, anamaliza kupinda mpendero, anaulemba ndi choko, n'kumuuza kuti adzatenge thalauza lake Lachisanu.

Zoti a Kapitawo ali ndi zaka 62 zinali zapapepala basi. Awiriwa anabadwa tsiku limodzi, mimba imodzi, Mayi Mabatani poyamba, a Kapitawo patapita theka la ola. Kungoti kalekale, pamene kampani yomwe ankagwirako ntchito inkalembanso antchito ake onse mwatsopano, a Kapitawo anaona kupuma pantchito kukuyandikira pomwe nyumba anali asanaimalize, ndiye anadula zaka zisanu ndi chimodzi. Chiphaso chatsopano chitabwera chinatengera zomwezo. Anasintha chaka chokha. Tsiku ndi mwezi anazisiya mmene zinalili poopa kuti angadzaiwale n'kudzigwiritsa okha. Pabanja inali nkhani yoseketsa. Tsiku lawo lobadwa likafika Mayi Mabatani ankawafunsa kuti kodi chaka chino akula kapena achepa, ndipo ana ankati amalume ndi munthu yekhayo amene anasiyidwa m'mimba mpaka mnzake atayamba sukulu.

Lero sizinali zoseketsa. Mayi Mabatani anakhala pa makina osokera osaponda, akuyang'ana singano. Chimene chinawawawa kwambiri si kuchotsedwa ayi, pakuti zimenezo anali atazilira kale n'kuzivomera. Chinali chiwerengero chija. Munthu akadatha kunena 70, akadatha kunena 80, koma iye anasankha 68, zaka zawo zenizeni, zaka zakenso iye mwini. Koma abale, anthu ena manyazi anawasiya kuti?

Ngati kuti aitanidwa, a Kapitawo anatulukira masana a tsiku lomwelo. Anali atawonda m'khosi, nkhope itatuwa, akupuma mwabefu chifukwa cha masitepe atatu okha a pakhomo la shopu. Anabweretsa kabotolo ka mafuta opaka miyendo, anakaika pa tebulo lodulira nsalu, n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Anafunsa za miyendo, za mankhwala, za mwana wamkazi wa Mayi Mabatani yemwe ndi mphunzitsi. Mayi Mabatani ankangoyankha mwachidule akumatula zipi ya siketi. Ankafuna aone kuti munthuyu afika nazo pati.

Kenako nkhani inatuluka. A Kapitawo anati dzina lawo lili m'gulu la khumi ndi awiri aja, ndipo ayenera kuyamba Lolemba, koma pabuka kavuto pang'ono. Kalaliki wa ku wodi ya impso, mtsikana wina wa magalasi wosalola kanthu kudutsa, anaika mafaelo awo awiri pamodzi n'kuona kuti dzina la mayi ndi limodzi, tsiku lobadwa limodzi, mwezi umodzi, chaka chokha n'chosiyana. Wati sadinda pepala mpaka Mayi Mabatani abwere okha Lachinayi ndi chiphaso chawo.

"Ndiye iwe ungokanena kuti ndiwe wamkulu, basi," anatero a Kapitawo akuseka pang'ono. "Si bodzanso, unayamba ndiwe kutuluka."

Mayi Mabatani anaika pansi siketi ija.

"Kodi chidebe chobooka chingayende mpaka kuchipatala?"

Kuseka kunathera pomwepo. A Kapitawo anayang'ana kukhomo, anayang'ana kudenga, anayang'ana manja awo. Poyamba anati mavidiyo a masiku ano anthu amawadula, amachotsa koyamba ndi kothera. Mayi Mabatani anati aionera yonse katatu, kuyambira pamene ankakonza jekete mpaka pamene ankagwirana chanza ndi wapampando. Ndiye a Kapitawo anasintha, anati ngakhale akadakhala chete anthu akadakweza manja chimodzimodzi, pakuti maganizowo anali kale m'holomo.

"Ndiye ukadakhala chete."

Anthu awiri anadutsa pakhomo atanyamula matiresi. Wailesi ya mu saluni inkamveka kukhoma. A Kapitawo anapukuta kumaso ndi chikhatho, ndipo atayambanso kuyankhula mawu aja a pamsonkhano anali atawathera.

"Ndinali wa nambala 23, iwe. Ndinakhala pansi n'kuwerenga. Akadatsata mndandanda wakale, ine sindikadafika. Atachotsa opitirira 65 ndakwera kufika pa 9. Ndinawaona amayi mmene anafera, ndinali pomwepo. Ndinachita mantha."

Mayi Mabatani anati nawonso anali pomwepo, ndipo ndi iwo amene ankasintha zofunda. Anafunsa chifukwa chimene anatchulira 68. A Kapitawo anati ndi chiwerengero chimene chinangowabwerera m'mutu. Yankho limeneli linali loona, ndipo n'chifukwa chake linapweteka kuposa mabodza awiri oyamba aja.

Pamenepo Mayi Mabatani ananena zonse zimene zinali kukhosi, mosakweza mawu, chifukwa khoma la shopuyo n'lopyapyala. Anati akadabwera usiku kapena masana n'kunena kuti mlongo wanga ndikuopa kufa, mwina iwo akadapita okha kukachotsa dzina lawo, pakuti munthu amene unagona naye m'mimba imodzi sumuwerengera. Koma iye anasankha kuwayenda pansi. Anaima pamaso pa anthu mazana awiri atavala jekete losoka iwo, anawagulitsa, anthu n'kumuombera m'manja, kenako anabwera kudzawanyowetsera mpando ndi misozi. Anati mtima ukuwapweteka kuposa impso.

A Kapitawo sanatsutse. Ataona kuti mawu atha anangofunsa ngati adzabwere Lachinayi.

"Ndidzabwera. Zimene ndikanene udzazimvera konko."

Anawauza kuti atenge mafuta awo. A Kapitawo anatuluka osawatenga, ndipo kabotolo kaja kanatha sabata kali pa tebulo, Mayi Mabatani akumangokasuntha akafuna kudula nsalu.

Lachitatu madzulo mwana wawo mphunzitsi uja anadutsa pa shopu akuweruka, ali ndi mulu wa makope pamkono. Vidiyo anali ataiona kale, ndipo magazi ake anali akuwira. Anati amalume asanyengereredwe. Amayi akangonena mawu amodzi okha, akuti mapasa, basi nkhani yathera pomwepo, munthuyo alawe lamulo limene anakometsa yekha. Mayi Mabatani anafunsa ngati zimenezo zingawabwezere malo awo. Mphunzitsi anavomera kuti ayi, zaka zawo zikhalabe 68. Malowo apita kwa wa nambala 13.

"Ndiye amayi, wa nambala 13 uyo si munthu? Mwina ali ndi khanda kumsana. Amalume sanakubereni inu nokha."

Mawu amenewa anawasowetsa mtendere Mayi Mabatani kuposa zonse, chifukwa sanapeze powatsutsira. Ananama kuti akufuna kumaliza mayunifomu a anthu, mwanayo n'kumapita. Anatsala akusoka batani limodzi kawiri pamalo olakwika. Chinawakwiyitsa n'chakuti wolakwa ndi wina, koma mpeni aupereka m'manja mwa iwo. Akanena zoona, apha mlongo wawo. Akanama, abera munthu wosamudziwa, ndiponso kubera kwake n'kothandiza amene anawapereka. Zoona munthu ungadwale, uchotsedwe pa mndandanda, kenako akusenzetsenso katundu ngati ameneyu?

Lachinayi m'mawa anavala diresi lawo la kutchalitchi ndi nsapato za mphira, zokhazo zimene zinkalowa. Anakwera basi okha. Pa khonde la wodi ya impso panali mabenchi awiri aatali odzaza anthu, ndipo nkhani inali yomweyo. Bambo wina wa ndodo ankati boma likamafuna mavoti silifunsa zaka. Mayi wina amene anaperekeza mwamuna wake anayankha kuti ana ake atatu sadya mavoti. Wina anati bola akadachita maere, aliyense akadalira ndi mwayi wake osati ndi mnzake. Palibe amene ankakalipa. Ankayankhula motopa, aliyense atafumbata khadi lake.

A Kapitawo anali kumapeto kwa benchi ndipo anasendera kuti apereke malo. Mayi Mabatani anakakhala benchi inayo. Anayamba kuyang'ana nkhope imodziimodzi, akudzifunsa kuti wa nambala 13 ndi uti. Mwina mnyamata wa ovololo amene akugona atatsamira khoma. Mwina mayi wa maso otupa amene akuluka chipewa. Anasiya kuyang'ana ataona kuti aliyense akuoneka ngati iyeyo.

Kalaliki anawaitana onse awiri. Ofesi yake inali yaing'ono, ya tebulo limodzi, kabati yachitsulo ndi mipando iwiri yoyandikana kwambiri moti mawondo a alendo ankagundana. Mafaelo awiri anali atatsegulidwa pambali ndi pambali. Mtsikanayo anapereka moni mwaulemu, anapepesa powayendetsa ali odwala, n'kupempha ziphaso. Anaziika pamodzi n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Anafotokoza kuti iye sakuimba munthu mlandu, koma malo ndi ochepa ndipo siginecha ikhala yake.

Anafunsa ubale wawo. Mayi Mabatani anati uyu ndi mlongo wawo, bere limodzi. Anafunsa kuti wamkulu ndani, iwo anati ndi iwowo. A Kapitawo anatsamira mpando ngati nkhani yatha, koma anafulumira. Kalaliki anatembenuza masamba atatu m'faelo ya Mayi Mabatani n'kuloza ndi cholembera.

"Amayi, chaka chatha pamene adokotala ankakufunsani mbiri ya kubanja, munanena kuti munabadwa mapasa. Zalembedwa apa. Mnzanuyo ali kuti?"

Zimenezi palibe amene ankaziyembekezera. Mayi Mabatani anali ataiwala n'komwe kuti ananenapo. Bondo la a Kapitawo linali litagunda bondo lawo, ndipo anamva fungo la sopo yemwe munthuyo wakhala akusamba zaka zonse. Anatembenuka n'kuwayang'ana bwinobwino: makutu omwewo, mpata wa m'mano womwewo, mphumi ya mayi awo. Mkwiyo unalipo, sunachoke ngakhale pang'ono. Koma pakamwa panakana kutulutsa mawu oti mnzangayo ndi uyu.

"N'zoona, tinabadwa awiri," anatero akuyang'ananso kalaliki. "Mnzangayo anamwalira."

"Pepani amayi. Anamwalira liti?"

"Tsiku lenileni sindikulidziwa. Ine ndinangomva mochedwa."

Kalaliki analoza a Kapitawo ndi maso.

"Awa ndi obwera pambuyo. Tsiku tinangofanana."

Mtsikanayo anawayang'ana onse awiri pamwamba pa magalasi. Kaya anakhulupirira, kaya anangotopa, kaya anaona kuti gogo wodwala amene wachotsedwa kale alibe chifukwa chonamira. Analemba mizere iwiri, anapereka cholembera kuti Mayi Mabatani asaine, ndipo iwo anasaina. Chidindo chinagunda pa pepala. Anauza a Kapitawo kuti Lolemba afike isanakwane 7 koloko, asadye kanthu kolemera. Kwa Mayi Mabatani anati apitirize mapiritsi, achepetse mchere ndi madzi, ndipo ngati kudzapezeke ndalama zina adzawaimbira. Onse atatu ankadziwa kuti foni imeneyo sidzalira.

Potuluka Mayi Mabatani sanayang'ane ku mabenchi. Anaona kuti sangathe, pakuti tsopano nawonso anali ndi chobisa pamaso pa anthu amenewo, ndipo anadziwa amene anawafikitsa pamenepo. Anayenda pang'onopang'ono m'khonde lalitali lonunkha mankhwala opukutira pansi, a Kapitawo akuwatsatira m'mbuyo, pepala lodinda lili m'manja. Pofika pa masitepe otsikira panja anawapeza, n'kuwagwira pa chigongono.

"Iwe, ndilibe mawu. Iwe, tandiyang'ana. Ndidzakonza zonsezi, ndikulumbira."

Mayi Mabatani anachotsa dzanja lija mofatsa, chala chimodzichimodzi.

"Bambo, mukamayankhula ndi munthu wokuposani zaka zisanu ndi chimodzi, muziti inu."

Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe n'kuyamba kutsika okha, mwendo umodzi, kenako unzake. A Kapitawo anatsegula pakamwa kuti awaitane, koma sanadziwe kuti awaitane bwanji.